Kaneta ya Malemu ndi Pepala la Dimba

Ntchito yanga ndi yolembera anthu. Ndili ndi meza yaing'ono, katebulo kolemberapo, pakhonde la sitolo ina ku Ulongwe, m'mbali mwa msewu wopita ku maofesi a boma. Munthu akafuna rekerimento, pempho lija lolembera ku maofesi, kapena kalata yofotokoza nkhani yake kwa akuluakulu m'Chipwitikizi chomveka, amakhala pabenchi langa n'kunena m'Chinyanja, ine n'kumalemba. Masiku ano ambiri amapita kumene kuli makompyuta, koma achikulire a kumidzi amandifunabe chifukwa ndimawamvetsera mpaka amalize.

Ndimalemba ndi kaneta ya tinta, ija ena amati inki, yaifupi, yoti ikatsekedwa imabisika m'chikhatho. Ukachotsa chivindikiro n'kuchisomeka kumbuyo m'pamene imatalika n'kugwirika bwino. Anandipatsa ndi woyendetsa lole wina amene ndinamulembera kalata katundu wake atagwidwa pamalire a dziko pa Kalomwe, ndipo sindinamufunse kumene anaitenga. M'mimba mwake mumalowa kachubu ka pulasitiki kosungira tinta. Timachubu tatsopano sitipezeka kuno, choncho ndimasunga takale n'kumatidzaza ndi seringa ya jakisoni, singano yake nditaibunthitsa pamwala. Tinta yake ndi yanga ndekha. Tsiku lina botolo la azulu, ija ya mtundu wa thambo, litatsala pang'ono, ndinathiramo zotsalira za yakuda, ndipo kunatuluka mtundu wa mtambo wa mvula, umene ukauma pamalo pamene wachuluka umawala mofiirira. Ndinaukonda, ndipo kuyambira pamenepo ndimasakaniza dala.

Bambo amene ndikufuna kunena za iwo anabwera m'nyengo yozizira, nthawi imene tinta imachita ulesi m'mawa mpaka kaneta itafunda m'thumba la malaya. Anali a zaka ngati zanga, ovala jekete lofiirira lotha m'zigongono, ndi manja a munthu wogwira khasu. Anayedzamiritsa njinga pamzati n'kuima chapatali pamene ine ndinkalembera mayi wina. Anthu oima chotero amakhala akusuzumira pepala kuti amve nkhani za eni. Iwo ayi. Maso awo anali pa kaneta basi.

Mayi uja atapita anakhala pabenchi, natulutsa kampango m'thumba la m'kati, nakamasula. Munali kaneta yaifupi ngati yanga, yakuda, yonenepako, mlomo wake wachikasu.

"Alembi, iyi ingadzukenso?"

"Ndi yanu?"

"Ndi ya malemu bambo anga. Anali akatekisita kwathu ku Lifidzi. Chimwalirireni yakhala m'bokosi."

"Papita nthawi?"

"Papita. Mwana wanga woyamba anali asanayambe eshikola, lero ndi wapabanja."

Ndinaitsegula. Tinta yakale inali itauma n'kukhala ngati mwaye, kachubu katang'aluka. Mlomo wa kaneta yotere umakhala wogawika pakati, mano awiri, ndipo dzino limodzi linali litapindika, mwina inagwapo pansi. Ndinawauza kuti aisiye, abwere Lachisanu.

Ndinaigwira ntchito imeneyo ndi mtima wonse, sindibisa. Ndinamasula mbali ya mlomo n'kuiviika m'tambula ya madzi ozizira. Madzi otentha amapinda pulasitiki wakale, ndipo anthu ambiri amaphera makaneta pamenepo. Madzi ankada ngati tiyi, ine n'kutaya, n'kuthira ena, masiku atatu. Tsiku lachiwiri ndinadontheza kasopo pang'ono, kenako n'kupopera madzi oyera ndi seringa kuchokera kumbuyo mpaka atatuluka kumlomo ali mbee. Dzino lopindika lija ndinaliwongola ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, ndikuyang'anira padzuwa, kenako n'kulemba zozungulirazungulira pa pepala la thumba la simenti kuti lisalale. Itauma ndinaikamo kachubu kanga kamodzi kodzaza ndi tinta yanga, ndipo inalemba.

Inalemba, koma ndi chilema. Ukatsitsa mzere wautali, monga mchira wa p kapena wa g, pafupi ndi kumapeto mzere unkagawika pawiri, timizere tiwiri toonda ngati tsitsi, pakati pali poyera. Ndinayesa kuchichotsa chilemacho, chinakana.

Lachisanu anabwera. Ndinawaonetsa zonse: mmene angakokere tinta m'botolo ndi seringa, kulowetsa singano mpaka pansi pa kachubu kuti mpweya usatsekeredwe, kusadzaza mpaka kukamwa, kupukuta mlomo ndi kansalu. Ndinawauza kuti m'thumba izikhala choimirira, mlomo m'mwamba, makamaka akakwera chapa, minibasi ija yotsikira ku Tete, chifukwa kutentha kwa kumeneko kumaisanzitsa tinta pamalaya. Ndinawathirira tinta yanga m'kabotolo ka mankhwala. Anamvetsera zonse bwino lomwe, nafunsa mobwereza za seringa.

Kenako ndinawakankhira pepala. "Iyeseni."

"Ndikayesera kunyumba."

"Lembani dzina lanu lokha, muone mmene ikuyendera."

"Manja ali ndi fumbi, alembi."

Anaikulunga m'kampango kaja n'kukwera njinga. Ndaona anthu ambiri akulandira chinthu cha kholo lawo chitakonzedwa, wailesi, wotchi, nkhwangwa. Amachitembenuza, amaseka, ena amakhala chete maso atafiira. Iwo anailandira ngati munthu wolandira khasu kwa wosula, chida choti akagwirire ntchito imene aidziwa kale. Zinandikhala pamtima pang'ono, koma ndinadziuza kuti anthu sitilira mofanana.

Patapita masabata awiri anabweranso. Chala chawo chapakati chinali chakuda ndi tinta mpaka m'chikhadabo, ndipo kabotolo kaja kanali kopanda kanthu. Ine amene ndimalemba tsiku lililonse, kabotolo kotero kamandifikitsa miyezi iwiri.

"Mukulemba buku?" ndinatero mwanthabwala.

"Ndikungozoloweretsa dzanja."

Anatulutsa kadeno yakale yolembamo, yachikuto cholimba, masamba ake atachita chikasu. Inali ya malemu aja, yodzaza nyimbo za kutchalitchi ndi maina a ana a kalasi ya ubatizo. Zilembo zake zinali zopendekera kumanja, zokongola, za anthu amene anaphunzira kwa ansembe kale. Anaitsegula pakati, naika chala pamzere.

"Chifukwa chiyani ya bambo ikuoneka yotuwa chonchi, pamene yanu ikutuluka yakuda bii?"

"Imeneyo yakalamba. Tinta imasuluka."

"Pakapita nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera pamene pepala likusungidwa. M'bokosi imakhalitsa. Padzuwa siichedwa."

"Padzuwa," anabwereza, ngati akulisunga liwulo.

Pakhonde lomwelo, khomo lotsatira, pali mayi amene ali ndi makina a fotokopiya. Takhala moyandikana zaka zambiri, ndipo makutu awo amagwira ntchito kuposa makinawo. Bambo aja atachoka, ndi kabotolo kachiwiri kamene ndinawathirira, mayiwo anatuluka n'kutsamira chitseko.

"Alembi, munthu wofunsa mmene tinta imakalambira ndiye kuti akufuna ikalambe msanga."

"Ndi mwana wofuna kudziwa za kaneta ya bambo ake."

"Mwana wa imvi uja? Chabwino."

Analowanso. Ine ndinatsala ndikudzifunsa chifukwa chake ndinawathirira kabotolo kachiwiri. Yankho lake ndi lochititsa manyazi. Ndinali nditayamba kale kuwakayikira, ndipo ndinkaopa kuti akaona kuti ndikuwakayikira. Ndinapereka tintayo kuti ndibise zimene zinali m'mutu mwanga.

Masiku otsatira ndinaganiza zambiri. Poyamba ndinati mwina akufuna kutsegula meza yawo ku Lifidzi, andilande anthu a kumeneko. Zimenezo sizinandivute kwambiri, njira ndi yaitali ndipo okalamba angapume. Kenako ndinati mwina akuphunzira kusaina ngati ine. Ndinakumbukira mmene anaimira tsiku loyamba lija akuyang'ana dzanja langa, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkaphimba pepala ndi chikhatho posaina, ngakhale pamaso pa anthu amene ndimawadziwa kuyambira tili ana ku Dedza nthawi ya nkhondo. Koma kadeno ija inkabwererabwerera m'maganizo. Munthu wofuna dzanja langa sakanabwera ndi dzanja la bambo ake.

Bambo aja sanabwerenso. Chisanu chinatha, kunayamba kutentha ndi fumbi, nyengo imene ndimatsuka kaneta kawiri pamwezi chifukwa fumbi la msewu limalowa pakati pa mano ake. Nkhani ija ndinali nditayamba kuiiwala.

Tsiku lina m'mawa panafika mayi wovala chitenje chatsopano ndi nsapato zotseka, wolankhula mofatsa, wodziwa chimene akufuna. Anati akufuna rekerimento yopita ku bwalo la milandu la m'dera lawo. Nkhani yake inali ya dimba. Makolo awo atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, bambo awo anatsegula dimba m'mphepete mwa mtsinje, malo a madzi osaphwa, obereka kachewere kawiri pachaka. Bambo atamwalira, mayi awo anapitiriza kulima. Chaka chathachi mayi nawonso anamwalira, ndipo ana otsala ndi awiri, iwowo ndi mlongo wawo wamwamuna.

"Tsopano alongo anga atulutsa pepala," anatero. "Akuti bambo analemba asanamwalire kuti dimba lonse ndi lawo. Zaka zonsezi pepalalo linali kuti? Mayi sanalitchulepo ngakhale kamodzi."

"Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Lifidzi. Bambo anga anali akatekisita."

Kaneta yanga inali kale papepala, ndipo inasiya kadontho pamene ndinaima. Ndinatenga pepala lina.

"Pepalalo muli nalo?"

"Lenileni akukana nalo. Anandipatsa fotokopiya."

Analitambasula pameza. Mizere isanu ndi iwiri, m'Chinyanja, zilembo zopendekera kumanja ngati za m'kadeno ija. Kunena zoona, dzanja linali lofanana kwambiri. Fotokopiya siionetsa mtundu wa tinta, zonse zimatuluka zakuda. Koma ndinapita pa liwu loti "pamtsinje", n'kuyang'ana mchira wa p. Unali wogawika pawiri kumapeto. Ndinapita pa "mwana wanga", mchira wa g, chimodzimodzi.

Ndinabwereza kuwerenga kuyambira pamwamba. Mayiwo ankandiyang'ana osaphethira.

"Mwaonapo kanthu, alembi?"

"Ndikungowerenga."

Ndinali ndi chifukwa chokhalira chete. Chilema chija ndinachiona kaneta nditaikonza, koma sindikanalumbira kuti sichinalipo kale malemu ali moyo. Mwina dzino linapindika iwo akuigwiritsabe ntchito. M'kadeno ija sindinayang'ane michira ya zilembo, panalibe chondichititsa kutero. Ndinalemba rekerimento monga mmene ananenera, osawonjezera liwu langa ngakhale limodzi, ndipo anapita.

Sindinadye bwino masiku amenewo. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi kutentha. Lamlungu nditachoka kutchalitchi ndinakwera njinga yamoto ya hayala mpaka ku Lifidzi. Kufunsa dimba la malemu akatekisita sikunavute, aliyense ankalidziwa.

Ndinawapeza bambo a kaneta aja akuthirira. Dimbalo linali lokongoladi, lobiriwira pakati pa minda youma, mizere ya kachewere yowongoka, kumunsi kuli kabichi ndi anyezi. Atandiona anaika kheni pansi pang'onopang'ono. Sanadabwe.

"Alembi, mwatiyendera."

"Ndabwera kudzaona mmene kaneta ikuyendera."

"Ikuyenda."

"Alongo anu anabwera kwa ine."

Anapukuta manja pathalauza. Tinakwera kunyumba, nanditulutsira mpando pansi pa mtengo wa pichesi. Ndinapempha kuona pepala lenileni. Anaganiza kaye, kenako analowa m'nyumba n'kubwera nalo lili m'jumbo.

Linali tsamba lochotsedwa m'kadeno yakale, lachikasu ndithu, mapindo ake atachita kufewa. Tinta inali yotuwa, yosuluka. Ndinalibweretsa pafupi ndi mphuno ndipo linkanunkha utsi wa kukhitchini. Kenako ndinalipendeketsa padzuwa. Pamene wolemba anaima n'kusiya kadontho kumapeto kwa mzere womaliza, panawala mofiirira. Tinta imeneyo palibe sitolo imene imagulitsa, ku Ulongwe kapena ku Dedza.

"Ndipatseninso kadeno ija," ndinatero.

"Ili kutali."

"Achimwene, tintayi ndi yanga. Ndinasakaniza ndekha."

Anayang'ana kumtsinje. Atayamba kulankhula, mawu awo sanali a munthu wogwidwa, anali a munthu wotopa.

"Bambo ananena mawu amenewa. Anali pamphasa m'chipinda icho, ine ndili pambali pawo. Anati dimba ndasiyira iwe chifukwa tinazula zitsa limodzi, mlongo wako uzimupatsa zokolola koma usalidule. Mayi anali pomwepo. Lero mayi kulibe, bambo kulibe. Ndikanena, akuti uli ndi umboni? Ndiye ine ndangowapatsa bambo pepala. Mawu ndi awo, kaneta ndi yawo."

"Dzanja ndi lanu."

"Dzanja lokha."

"Nanga alongo anu simungagwirizane?"

"Iye sakufuna kulima. Khasu analisiya kalekale, ali ndi geni ku Kalomwe. Akangopatsidwa gawo lake, mvula isanagwe kawiri mudzaonapo mlendo."

Sindinadziwe choti ndikhulupirire. Munthu amene wakhala miyezi akuphunzira kulemba ngati bambo ake, n'kuyanika pepala padzuwa, n'kulipachika pamwamba pa moto, angathenso kukonza mawu a pamphasa ndi kuwanena ndi nkhope yotopa. Ndinayang'ana manja awo, ming'alu ya m'zala, ndi dimba lija kumunsi, ndipo zonsezo zinkawavomereza. Koma ndinakumbukiranso kuti tsiku loyamba lomwe anandibisira, ndipo anandigwiritsa ntchito ngati mmene amagwiritsira khasu.

"Ine sindikakusumirani," ndinatero. "Koma bwalo likandiitana n'kundifunsa za tinta iyi, ndikanena zimene ndikudziwa."

"Akuitanani ndani? Ndani akudziwa kuti munaikonza ndinu?"

Ndinawabwezera pepala lija. Iwo anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti ayamba kuganiza kuti ndinawauza kale alongo awo. Sindinawatsutse. Ndinalola kuti aganize choncho, chifukwa ndinaona kuti mantha amenewo achita zimene mawu anga sakanachita. Anandiperekeza mpaka pamsewu monga mwa mwambo, koma sitinagwirane chanza.

Ku bwalo sindinapiteko ndipo palibe anandiitana. Ndinamva kwa munthu wina wa kumeneko amene anabwera kudzalembetsa kalata kuti tsiku la mlandu bambo aja sanatulutse pepala. Anati linanyowa m'nyumba yodontha ndipo silikuwerengeka, pamene mvula inali isanayambe. Ananena za mawu a pamphasa, koma panalibe wowachitira umboni. Dimba linadulidwa pakati, gawo la kumtunda linapita kwa mlongo wawo, la kumunsi kwa iwo.

Ndinapuma. Ndinadziuza kuti chilungamo chachitika ndipo dzina langa silinamveke. Koma funso lina linayamba kundidya. Ku Ulongwe olembera anthu tilipo angapo, kuphatikizapo a makompyuta aja, ndipo mayi wovala nsapato zotseka, wa geni pa Kalomwe, si munthu wa pabenchi langa. Anthu otero amafuna pepala lotayipa. Chinawabweretsa kwa ine n'chiyani? Ndinakumbukira mmene anatambasulira fotokopiya ija, naisalaza ndi chikhatho, naitembenuzira kwa ine ndisanapemphe kuti aitembenuze, ndi mmene anandiyang'anira ndikuwerenga.

Tsiku lina masana kulibe anthu ndinafunsa mayi a fotokopiya.

"Pepala la dimba lija linakopedwa pano?"

"Mapepala amadutsa ambiri, alembi."

"Mumawadziwa mayi aja a ku Kalomwe?"

"Ndani sadziwa mnzake m'boma lino?"

"Munawauza kuti kaneta ya bambo awo inadutsa pameza yanga?"

Anapitiriza kusanja mapepala, akunyowetsa chala palilime. "Ine ndimangodina batani. Kodi zinatha moipa?"

Sindinapeze yankho lina kuposa limenelo, ndipo sindinafunsenso. Timapatsanabe moni m'mawa uliwonse, amandisungira meza ndikapita kukadya. Koma kuyambira pamenepo munthu akabwera ndi nkhani yolemera, ndimamuuza kuti alankhule motsitsa, kapena timasunthira benchi kumapeto kwa khonde.

Bambo aja ndinakumana nawo kamodzi pamsika, akugulitsa anyezi. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino ngati kwa munthu wosamudziwa, nafunsa ngati ndikufuna mulu waukulu kapena waung'ono.

Mvula inagwa, chimanga chinakula, tinakolola. Kuzizira kutayambanso, mayi a dimba aja anabweranso pabenchi langa, koma sanali okha. Anali ndi bambo wina wonenepa, wa kapu ndi makiyi a galimoto m'manja, mmodzi wa amalonda amene amatumiza kachewere ku Tete pamalole. Ankafuna pepala la mgwirizano loti gawo la kumtunda la dimba lija likupita kwa bamboyo.

"Ndinawauza kuti tipite kwa alembi awa," mayiwo anatero akumwetulira. "Ndi munthu woona."

Ndinatsegula kaneta, n'kusomeka chivindikiro kumbuyo. M'mawa umenewo inavuta kuyamba, ndipo ndinaigwira m'chikhatho kuti ifunde. Wamalondayo anali munthu wokonda kucheza. Poyembekeza anayamba kuyamikira dimbalo, madzi ake, dothi lake lakuda.

"Malo amene aja ndinawasirira kalekale," anatero. "Ndi mayiwa tinamvana pa maliro penipeni pa amayi awo. Kungoti achimwene awo aja anativutitsa ndi timapepala."

Mayiwo anamuponda phazi pansi pa benchi. Ndinaona, ndipo anaona kuti ndaona.

"Mwati pa maliro?" ndinafunsa.

"Akukamba za tsiku lochotsa fumbi, mwambo uja wotsekera maliro," mayiwo anayankha msanga. "Ndipo kunali kungocheza. Lembani, alembi, tikuthamangira kalimbo, akatidindire ofesi isanatseke."

Ndikanatha kukana. Ndinaganiza zokana, ndili chigwirire kaneta. Koma bwalo linali litagamula, gawolo linali lawo, ndipo ndikanakana akanangowoloka msewu n'kukatayipitsa. Komanso sindikanatha kunena kuti ndikukana chifukwa chiyani popanda kutchula pepala la utsi lija, limene mwini wake analibisa poopa ine.

Tinta inayamba kuyenda. Ndinafunsa malire, mayiwo anatchula: kuyambira pa mtengo wa mkuyu kutsika mpaka pa ngalande, kumanzere njira ya ng'ombe. Anawatchula mosadodoma, ngati munthu amene wawayeza kangapo. Ndinalemba, ndinawerenga mokweza m'Chipwitikizi, kenako ndinamasulira m'Chinyanja. Wamalonda anasaina ndi kaneta yake ya pulasitiki. Mayiwo anatambasula dzanja kuti ndiwabwereke yanga.

"Iyi sibwerekedwa, mayi. Mlomo wake unazolowera dzanja limodzi."

Anatenga ya wamalonda uja nasaina. Ananyamuka onse awiri kulowera ku maofesi, wamalonda patsogolo, mayiwo pambuyo atagwira pepala ndi manja awiri kuti mphepo isalipinde. Pabenchi panali kale agogo ena aamuna amene anadikira nthawi yonseyi ndi nkhani ya ng'ombe yawo imene inagundidwa ndi lole, ndipo ndinawauza kuti ayambire pachiyambi.